Mwana Wanu Watayika

Dzina loti Amayi Musagwire anawapatsa ndi ana asukulu, ndipo linawakanirira moti ngakhale abwana awo ankawaitana choncho. Ntchito yawo inali yokhala pampando wathabwa m'chipinda chachikulu cha nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene anthu ankangoti ku myuziyamu, n'kumayang'anira kuti alendo asagwire zithunzi zopachikidwa kukhoma. Ana akalowa pamzere ndi aphunzitsi awo, mayiwo ankaimirira, n'kukonza kolala ya yunifolomu yawo yabuluu, n'kunena mawu awo a masiku onse: "Onani ndi maso, ana anga. Musagwire." Sankakalipa ayi. Kamwana kakatambasula chala kudutsa chingwe chotchinga, iwo ankangokhosomola pang'ono, chala chija n'kubwerera chokha m'thumba.

Analowa ntchito pamalopo akadali achitsikana, amuna awo atangomwalira kumene, ndipo anayamba ndi tsache ndi chikolopa. Mawondo atayamba kuvuta m'pamene anawapatsa mpando uja. Mpandowo unayang'anizana ndi chithunzi chachikulu kuposa zonse m'nyumbamo, chojambulidwa ndi penti kalekale, chachikulu ngati zitseko ziwiri zogundanitsa. Chinkaonetsa amuna asanu amene anapita kukafufuza dziko lina lakutali, lozizira, lopanda mudzi ngakhale mtengo, la miyala yakuda ndi madzi oundana. Bwato lawo linali litasweka, lili chagada pambali. Mmodzi anagona pansi atafunditsidwa jekete mpaka kumaso. Awiri anakhala motsamirana misana, masaya atalowa m'kati, ndevu zili nyankhalala. Wachinayi anagwada pa kamoto kongofuka utsi, akuphika nsapato m'kachitini. Wachisanu anaima payekha pamwala, dzanja lili pachipumi, akuyang'ana kutali kumene wojambula sanaikeko kanthu koma nkhungu yokhayokha. Kachikwangwani ka m'munsi kankangotchula chaka, n'kunena kuti chakudya chinawathera ali kutali ndi anthu.

Ana onse ankayamba ndi kuseka. "Aphunzitsi, taonani, akuphika nsapato! Kodi athiramo mchere?" Akaseka mokwanira ankakhala chete, chifukwa maso awo anali atafika pa munthu wofunditsidwa jekete uja. Kenako pankapezeka kamodzi, kawirikawiri kakang'ono kwambiri pamzere, kofunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi anafika kwawo?" Amayi Musagwire ankati, "Funsani aphunzitsi anu." Aphunzitsi nawo ankati, "Funsani amayiwa, amakhala nawo tsiku lililonse." Mzere unkasuntha kupita kuchipinda cha mafupa a nyama funso lili m'malere.

Mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo amene anali naye, anakulira pansi pa chithunzi chimenechi. Akaweruka kusukulu ankabwera kudzadikira amayi ake, n'kumalemba homuweki atagona chafufumimba pafupi ndi mpando. Bambo wogulitsa matikiti pakhomo, amene onse ankawatchula kuti a Matikiti, ndi amene anamupatsa dzina loti Mafunso, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Ankafuna kudziwa amene anawatuma anthuwo, chimene ankafuna kumeneko, ndiponso ngati wojambula anali nawo limodzi, ndipo ngati anali nawo, iye ankadya chiyani. Ana ena chithunzicho chinkawaopsa, koma iye chinkamukoka. Atakula anaphunzira ntchito yoyeza malo, n'kulembedwa pa kampani ina yomanga misewu. Iye ndi anzake ankatsogola kupita kumene msewu sunafike, kukayeza mapiri ndi zigwa, n'kukhalako milungu. Anakwatira, ndipo onse atatu, iye, mkazi wake ndi amayi ake, ankakhala nyumba imodzi ya zipinda zitatu. Pa nthawi ya nkhani ino mkazi wake anali woyembekezera, miyezi itatsala pang'ono kukwana.

M'mawa wa tsiku limene ananyamuka ulendo wake wautali kuposa onse, amayi ake anaima pakhomo akumufunsa ngati wapolisi.

"Kumene mukupitako foni imagwira?"

"Siigwira, amayi, koma m'galimoto muli wailesi yolankhulirana ndi ku ofesi."

"Nanga madzi?"

"Zigubu zodzaza." Kenako anakweza phazi n'kuwaonetsa nsapato yatsopano. "Ndipo onani, ndagula zachikopa chofewa. Izi sizichedwa kupsa."

Mkazi wake anamumenya ndi kansalu kopukutira mbale. "Inu, pakamwa panupo! Mukufuna mwanayu abadwe ndi mantha?"

Amayi anaseka nawo, koma anati, "Iwe, zimenezo saseka nazo."

Foni inalira Lachiwiri lina chakum'mawa, m'chipinda muli ana a kalasi lonse. Lamulo silinkalola kuyankha foni pantchito, koma nambala inali yachilendo, ndipo mtima unawauza kuti ayankhe. Anatembenukira kukhoma n'kuika foni kukhutu. Mawu anali a mtsikana, aulemu, onjenjemera pang'ono.

"Pepani mayi, ndine kalaliki wa ku ofesi ya mwana wanu. Abwana andituma kuti ndikudziwitseni. Mwana wanu watayika."

"Mwati bwanji?"

"Watayika, mayi. Iye ndi anzake awiri, kutchire komwe anapita kuja. Pepani kwambiri. Mubwere ku ofesi, abwana adzakufotokozerani zonse."

"Ndamva," anatero Amayi Musagwire. "Zikomo, mwanangu."

Mawu amenewo sikanali koyamba kuwamva. Mafunso asanabadwe anali ndi mwana wina, wamkazi, amene anangokhala milungu yochepa. Namwino wachikulire ndi amene anawagwira paphewa kuchipatala n'kunena kuti, "Limbani mtima, mwana watayika." Kwa anthu a msinkhu wawo, munthu waulemu sauza mayi pamaso kuti mwana wake wamwalira. Amati watayika, ndipo mayi amamva. Choncho sanafunsenso china. Anabwezera foni m'thumba n'kukhala pampando, manja ali pamiyendo. Kamtsikana kena kanadutsa pansi pa chingwe n'kukagwira bwato losweka ndi chikhatho chonse, iwo akuona, osakhosomola n'komwe.

A Matikiti ndi amene anazindikira kuti chachitika chinthu, chifukwa mphunzitsi wa ana aja anatuluka n'kuwanong'oneza kuti mayi a m'katimo sali bwino. Analowa akukoka mwendo wawo wolumala, nthabwala ili kale pakamwa, koma ataona nkhope ya mnzawoyo anaimeza.

"Achemwali, kwagwanji?"

"Mafunso," anatero mayiwo. "Aimba a ku ofesi. Akuti watayika."

A Matikiti anavula chipewa. Nawonso anali a msinkhu womwewo, ndipo anamva monga momwe mayiwo anamvera. Anakhala pansi penipeni, pomwe mwana uja ankagona polemba homuweki, n'kuyamba kulira ngati mwana. Mayiwo sanalire. Maganizo awo anali pa mpongozi wawo, amene anamusiya m'mawa akupinda timalaya ta khanda. Nkhani ngati imeneyi ikanamugwera mwadzidzidzi, maliro akanakhala awiri, mwinanso atatu. Anaganiza zoyamba apita ku ofesi kuti akamve kumene kuli thupi ndi tsiku lobwera nalo, kuti pokamuuza mtsikanayo akakhale ndi mayankho.

Ulendo wa pabasi sanaukumbuke bwino pambuyo pake. Anangokumbukira kuti kondakitala anawabwezera chenji iwo n'kumuyang'ana osadziwa kuti akuwapatsiranji. Ofesi inali m'nyumba yosanja, ndipo anakwera masitepe akugwira chitsulo. Kuseri kwa tebulo lalitali kunali mtsikana wamng'ono kuposa mpongozi wawo, wovala magalasi, amene anaimirira msanga atamva kuti iwo ndi ndani.

"Khalani apa, mayi. Ndikupatseni madzi?"

"Ayi, mwanangu. Ndangobwera kudzafunsa za thupi. Lili kuti, ndipo mubwera nalo liti?"

Mtsikanayo anawayang'ana kukamwa kuli yasa. "Thupi lanji, mayi?"

"La mwana wanga. Si mwati watayika?"

"Eya, watayika, sakudziwika kumene ali. Wailesi yawo inasiya kuyankha, ndiye anthu apita kukawafuna." Anaima pakati pa mawu, dzanja n'kupita pakamwa. "Mayo ine! Mayi, inu munamva kuti wamwalira? Ayi, ayi! Ine ndimatanthauza kuti wasowa. Asochera. Palibe wanena kuti wamwalira."

Amayi Musagwire anakhala pampando umene anaukana uja. Misozi imene inakana kutuluka ku myuziyamu inatulukira pamenepo. Kalaliki naye anali akulira, akupepesa mobwerezabwereza kuti iye ankayesa kuti mawuwo ndi amodzi, monga amanenera kuti kiyi watayika, mbuzi yatayika. Mayiwo anamugwira dzanja. "Usalire, mwanangu. Kiyi ndiye amatayika n'kupezeka. Ukamauza mayi za mwana wake uzinena kuti wasowa."

Abwana a pa ofesiyo anatuluka n'kuwatengera ku mapu aakulu a pakhoma. Anawaonetsa pamene msewu wafumbi umathera, ndi pamene galimoto inalankhula komaliza. Kupitirira pamenepo pepala linali lobiriwira lokhalokha, lopanda dzina la mudzi ngakhale limodzi. Anati kunagwa mvula yamphamvu kumapiri, mitsinje youma inadzaza, ndipo mwina galimoto inatitimira kapena inakokoloka. M'galimotomo munali Mafunso, mnzake woyeza naye, ndi dalaivala. Anati apempha helikopita, koma mitambo inali isanalole.

"Chakudya anali nacho cha masiku angati?" anafunsa mayiwo.

Abwana anayang'ana mapu. "Chinayenera kuwafikitsa kumapeto kwa sabata yatha."

Ali pa masitepe potsika m'pamene anakumbukira a Matikiti. Anawasiya akulira, ndipo a Matikiti sankadziwa kulira okha. Pofika nthawi imeneyo myuziyamu yonse inali itamva kuti kwagwa maliro. Anayesa kuwaimbira, foni osayankhidwa. Anathamanga, mawondo aja ataiwalika, n'kukwera basi yoyamba imene inaima. Atatsika pa siteji ya kwawo anaona patsogolo amayi atatu a kuntchito, okolopa awiri ndi wa kukantini, atafunda nsalu kumutu, akuyenda pang'onopang'ono kulunjika pageti la nyumba yawo. Wa kukantini anali atayamba kale kukweza mawu.

"Imani!" anakuwa Amayi Musagwire. "Tsekani pakamwa, anthu inu! Sanamwalire!"

Anawapeza dzanja la mmodzi lili pa chitseko cha geti. Anawakankhira kuseri kwa mpanda n'kuwafotokozera akupuma wefuwefu. Wa kukantini anapukuta misozi, n'kunena mokwiya ngati wamanidwa kanthu: "Ndiye a Matikiti atiliritsa ulere? Asonkhetsa kale ndi za maluwa zomwe!" Mayiwo anawabweza onse atatu, n'kuwatuma kuti akazimitse moto wa mbiri ya maliro umene unayaka kuntchito. Kenako anakonza kolala n'kulowa m'nyumba.

Mpongozi anali pa tebulo akusita. "Mwaweruka msanga lero, amayi. Kunja kuja ndani amakuwa?"

"Zimitsani simbiyo, mukhale pansi." Anadikira mpaka mtsikanayo atakhala, n'kusankha mawu limodzi limodzi ngati munthu wosankha mpunga. "Amuna anu ali moyo monga momwe tikudziwira. Koma asochera kutchire ndi anzawo. Anthu akuwafuna."

Mtsikanayo anagwira mimba ndi manja onse awiri. "Monga momwe tikudziwira," anabwereza. Sanakomoke, sanakuwe. Anangofunsa funso lomwe lija la chakudya, ndipo apongozi ake ananama kuti chinali chambiri.

Masana aja Amayi Musagwire ankayesa kuti palibe cholemera kuposa uthenga wa imfa. Masiku otsatira anaphunzira kuti kudikira kuli ndi kulemera kwakenso. Maliro amabweretsa anthu ndi zochita, koma munthu wosowa sakupatsa chochita chilichonse. Amayi ake a mpongozi anabwera kudzakhala naye, ndipo nyumba inadzaza ndi anthu olankhula monong'ona. Foni ikangolira onse ankadzidzimuka, n'kupeza kuti ndi wachibale wofunsa ngati kwamveka kanthu. Abwana a ku myuziyamu anawapatsa tchuthi, koma iwo anabwerera kuntchito, poganiza kuti kumeneko nthawi iziyenda.

Kumeneko n'kumene analakwitsa. Chithunzi chija anakhala nacho zaka zambirimbiri, ankachidziwa ngati khoma la kuchipinda kwawo, koma tsopano chinayamba kuwaonetsa zinthu zimene sanaziwonepo. Anaona kuti milomo ya amuna awiri otsamirana aja inali yong'ambika, ndipo wojambula anaikapo timadontho tofiira. Anaona kuti munthu wofunditsidwa jekete analibe nsapato phazi limodzi, ndipo anazindikira kumene inachokera imene inali m'kachitini. Anaona kuti pamwamba pa nkhungu panali timizere tiwiri takuda, timene kale ankatiyesa litsiro la pa penti. Tinali mbalame, ndipo zinali kuzungulira. Akatseka maso ankaona galimoto itagona cham'mbali mumtsinje, zigubu zikuyandama. Akatsegula, amuna asanu aja anali pomwepo.

Ana asukulu ankabwerabe, n'kumaseka nsapato monga mwa masiku onse, ndipo kuseka kwawo kunkawalasa. Sanawakalipire, chifukwa ana analibe mlandu. Koma tsiku lina kamnyamata kopanda mano akutsogolo katafunsa ngati anthuwo anafika kwawo, mayiwo anangodikira kuti mzere udutse. Ana atapita, ananyamuka n'kukagogoda ku ofesi ya abwana awo, bambo wodekha amene ankadziwa mbiri ya chinthu chilichonse m'nyumbamo.

"Bwana, ndifunseko. Anthu a pachithunzi chachikulu aja anafika kwawo?"

Abwanawo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Amayi Musagwire, kodi si bwino kuti mukhale kaye kuchipinda cha mafupa masiku ano? Tingasinthanitse ndi wina."

"Ndafunsa ngati anafika."

"Anafika mmodzi," anatero abwanawo. "Ndi amene anakafotokozera wojambula."

"Uti?"

"Mabuku sanena kuti pachithunzipo ndi uti."

Anabwerera pampando ndi funso loipa kuposa limene anapita nalo. Kuyambira tsiku limenelo ankangowayang'ana amuna aja mmodzimmodzi, kuyesa kupeza amene anapulumuka. Wogona pansi uja anamuchotsa. Otsamirana aja ankaoneka kuti agonja kale. Otsala anali wophika ndi woima pamwala. Masiku ena ankati ndi woima pamwala, chifukwa miyendo yake inali ikadali ndi mphamvu. Masiku ena ankati ayi, ameneyo ndi amene amasiya anzake n'kupita yekha kukafuna thandizo, nkhungu n'kumumeza. Ndipo ankamudziwa mwana wawo. Mafunso sanali munthu wokhala pansi n'kudikira. Kuyambira ali wamng'ono, akamva phokoso kuseri kwa nyumba, ankafuna kukaona yekha. "Khala pomwepo, iwe," ankapezeka akulankhula motsitsa, maso ali pa munthu wa pamwala. "Usachoke pagalimoto. Khala pomwe angakuone."

A Matikiti ankawabweretsera tiyi masana, n'kuima pambali. Manyazi a maliro abodza aja anali asanawathere. Tsiku lina anayesa nthabwala.

"Achemwali, mwana uja ndinamulira kale ine. Ngongole imeneyo adzabweza akabwera. Munthu woliridwa ali moyo safa msanga."

"Muli ndi umboni?"

"Umboni ndine. Kunyumba amandilira tsiku lililonse la malipiro, koma ndilipo."

Mayiwo anamwetulira pang'ono, koma tiyi anazizira osamwedwa.

Madzulo aliwonse poweruka ankadzera ku ofesi ya kampani. Pa benchi ya pakhonde ankapezapo mayi wina wochepa thupi, wobereka mwana kumbuyo, mkazi wa dalaivala uja. Sankacheza zambiri. Ankangokhala moyandikana mpaka kalaliki atatuluka n'kupukusa mutu. Helikopita inapita n'kubwerera kangapo. Tsiku lina inaona matayala a galimoto m'matope, tsiku lotsatira mvula inafafaniza. Sabata inatha, ina n'kuyamba, ndipo abwana a kampani anasiya kuwaonetsa mapu. Kunyumba mpongozi anasiya kudya, mapazi atatupa, ndipo amayi ake ankamukakamiza ndi supuni ngati khanda.

Foni inaliranso mayiwo ali pampando, m'chipinda mulibe mlendo ngakhale mmodzi. Nambala anaidziwa. Anangoiyang'ana, osadina. Inalira mpaka kusiya. Itayambanso anadina.

"Mayi, ali moyo!" Mawu a kalaliki anatuluka mothamanga. "Ndayamba ndi mawu amenewo kuti musamve zina. Ali moyo, akupuma, akulankhula. Amupeza m'mawa uno, ndipo ali naye kuchipatala chachikulu."

"Wamuona ndi maso ako?"

"Ayi, koma ndamumva pa wailesi. Amafunsa ngati mkazi wake wachira."

Mayiwo anagwira chingwe chotchinga. "Nanga anzake?"

"Mnzake woyeza naye ali naye limodzi. Adalaivala sanapezeke. Akuwafunabe."

Anapita kuchipatala ndi mpongozi pa takisi, a Matikiti atakhala kutsogolo akulamula dalaivala ngati galimoto ndi yawo. Wodi inali yaitali, ya mabedi mbali zonse, yonunkhira mankhwala okolopera. Amayi Musagwire anadutsa bedi la mwana wawo osamuzindikira. Mpongozi ndi amene anaima n'kunena, "Ndi awa." Munthu wogona pamenepo anali wakuda ndi dzuwa, khosi lili ngati la nkhuku, milomo yopakidwa mafuta, mwendo umodzi uli m'chikhakha, dilipi ili padzanja. Maso okha ndi amene anali a Mafunso.

"Amayi," anatero ndi mawu osasa. Kenako anayang'ana mimba ya mkazi wake. "Wandidikira?"

"Wakudikirani," anatero mkazi wake, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, nkhope ataikwirira m'bulangeti.

Anafotokoza pang'onopang'ono, akupumira pakati. Madzi anawapeza akuwoloka, galimoto n'kugubuduzika, iye mwendo n'kuthyoka. Wailesi inafa, chakudya chambiri chinapita ndi madzi. Anakwawira pachitunda n'kukhala pamenepo. Iye ankafuna kupita kukafuna anthu, koma mwendo unakana. Choncho anapita ndi adalaivala, atatenga botolo limodzi, n'kulonjeza kuti abwera ndi thandizo.

"Ukanakhala mwendo wabwino ndikanapita ndine," anatero. "Kodi afika?"

Amayi ake anayang'ana chikhakha choyeracho. Anaganiza za mayi wochepa thupi uja, amene nthawi imeneyo ayenera kuti anali pa benchi yekha.

"Sanafike," anayankha. "Akuwafunabe."

Mafunso anatembenukira kukhoma. Patapita kanthawi namwino anabwera ndi thireyi kudzatolera makapu. Pa kabati ya pambali pa bedi panali kapu yapulasitiki yokhala ndi timadzi tochepa pansi, tosakwana n'komwe kumeza kamodzi. Namwino atangoigwira, dzanja la dilipi lija linatuluka m'bulangeti n'kumugwira pamkono mwamphamvu moti thireyi inagwedezeka.

"Musataye," anatero Mafunso, maso ali tong'o. "Mudakali madzi."

"Bambo, pampopi pali madzi ambiri. Ndikubweretserani ena."

"Musataye."

Namwino anayang'ana mayiwo. Amayi Musagwire anamasula zala za mwana wawo chimodzichimodzi pamkono wa namwino, n'kutenga kapu ija n'kumufumbatitsa. "Isiyeni, anamwino," anatero. "Ndidzatsuka ndine."

Mafunso anaikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri, ndipo posakhalitsa anagona. Mpongozi anafuna kuichotsa kuti ingatayikire pa bulangeti, koma apongozi ake anamugwira dzanja. Anamuuza kuti akhale pomwepo amuna ake akadzuka amuone. Iwo anatenga chikwama chawo n'kuuza a Matikiti kuti akawaimitsire basi yodzera ku ofesi ya kampani, chifukwa dzuwa linali litapendeka, ndipo pa benchi paja panali munthu amene sankayenera kudikira yekha.